Marupi 50 amene ndinamana mkulu wa rickshaw ku Chandni Chowk

Tinatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Chandni Chowk cha m'ma 10 koloko m'mawa, ine ndi mng'ono wanga, tsiku lachinayi la ulendo wathu wokaona mzinda wa Delhi. Unali mwezi wa Januwale. Ambiri akamva za India amangoganiza za kutentha, koma Delhi nyengo imeneyi amazizira zedi. Usiku kuzizira kumafika cha m'ma madigiri 5, ndipo m'mawa mzinda wonse umakhala m'chifunga chosakanikirana ndi utsi, chokanda kukhosi. Tinavala majuzi awiriawiri. M'thumba ndinali ndi kapepala ka zinthu zoti ndigule, ndipo m'mutu munali malangizo amene aliyense amene anafikako anandipatsa: mtengo woyamba usamauvomere, udule pakati, akakana nyamuka, akuitana okha.

Malangizowo si abodza ayi. Kungoti palibe anandiuza kuti ndiwagwiritse ntchito pa ndani.

Chandni Chowk ndi msewu umodzi wautali wochoka pa linga lakale la Red Fort kukathera pa mzikiti wa Fatehpuri, koma msika weniweni uli m'tinjira tambirimbiri totuluka mumsewuwo ngati nthiti. Unamangidwa cha m'ma 1650, mfumu Shah Jahan itasamutsa likulu lake kuchoka ku Agra, ndipo amene anakonza kamangidwe kake ndi mwana wamkazi wa mfumuyo, Jahanara. Pakati pake panali dziwe ndi ngalande ya madzi zimene usiku zinkanyezimira ndi mwezi, ndiye dzinali limatanthauza bwalo la kuwala kwa mwezi. Madziwo anakwiriridwa kalekale. Kuyambira 2021 magalimoto saloledwa mumsewu waukuluwu kuchokera 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, moti eni msewu masana ndi oyenda pansi ndi a rickshaw, njinga za mateyala atatu zokhala ndi mpando wa anthu awiri kumbuyo. Mukafuna kupitako musasankhe Lamulungu, masitolo ambiri amakhala otseka. Ndipo nthawi imene tinapitako, Lolemba ndilo tsiku limene ankatseka linga la Red Fort.

Kanjira kalikonse kali ndi malonda ake. Ku Dariba Kalan ndi kwa siliva, ku Nai Sarak mabuku, ku Ballimaran nsapato ndi magalasi a maso, ku Bhagirath Palace mababu ndi zamagetsi. Ife tinayambira ku Kinari Bazaar, kumene amagulitsa malesi, mikanda, timagalasi tosokera pansalu ndi zonse zokongoletsera zovala za ukwati. Kanjirako n'kopapatiza moti mutatambasula manja mukhoza kukhudza masitolo a mbali zonse ziwiri, ndipo kumwamba kuli mawaya a magetsi opiringizana ngati chisa, anyani akudumphadumpha pomwepo. Njinga zamoto zimadutsa momwemo, hutala osalekeza. Mng'ono wanga anandigwira juzi kumbuyo ngati mwana.

Kunenerera kumeneko kunali kokoma, ndisaname. Mwini sitolo anatikhazika pamkeka, akutulutsa malesi mpukutu ndi mpukutu, mtengo akulemba pa kakyuleta n'kundipatsa kuti nanenso ndilembe wanga. Akaona nambala yanga ankagwira pamtima ngati ndamubaya, kenako n'kuseka. Tinakumana pakati, iye n'kuwonjezera kalesi ka basela. Onse tinasiyana tili okondwa, ndipo ndikukhulupirira kuti phindu lake analipezabe. Kumeneko ndiye kwawo kwa kunenerera: munthu wa sitolo yake, katundu wake, amene akudziwa malire amene sangatsike.

Chimodzi chimene chinativuta ndi chenje. Amwenye ambiri masiku ano amalipira pafoni, ngakhale wogulitsa tiyi m'mbali mwa msewu amakhala ndi kachikwangwani ka QR kamene wogula amajambula ndi foni polipira, njira imene amaitcha UPI. Koma mlendo wopanda akaunti ya banki ya komweko kawirikawiri amadalira ndalama zapamanja, ndipo makina a ATM amakonda kutulutsa ma 500 okhaokha. Ukapereka 500 pogula chinthu cha marupi 40, wogulitsa amangotambasula manja. Choncho musanalowe mumsika, phwanyitsani ndalama pamalo aakulu monga pogula tiketi ya sitima kapena kumalo ogona, mukhale ndi ma 10, ma 20, ma 50 ndi ma 100, ndipo muziike m'matumba osiyanasiyana. Kutulutsa chikwama chonse pakati pa chinamtindi cha anthu n'kudziitanira mavuto.

Titatuluka ku Kinari, kamtsikana kena kanandikoka mkono. Zaka zake mwina zisanu ndi zinayi, tsitsi lofiirira chifukwa cha fumbi, kopanda nsapato m'kuzizira konseko, pachiuno katanyamula khanda logona. Sikanapemphe ndalama. Kanaloza pakamwa pa khandalo n'kunena mawu awiri okha: "Didi, milk." Didi ndi mmene amaitanira mchemwali wamkulu. Ndinatulutsa marupi 20, koma kanapukusa mutu n'kuloza kasitolo kena patsogolo. Mtima wanga unagwa. Ndinaganiza kuti mwana amene akukana ndalama n'kufuna mkaka weniweni sangakhale wabodza. Tinakatsatira. Mwini kasitoloko sanafunse n'komwe chimene tikufuna, anangotsitsa chitini cha mkaka wa ufa wa ana pashelefu, n'kunena kuti marupi 450. Ndinalipira osanenerera. Ndani anganenerere mkaka wa khanda?

Patapita mphindi ngati makumi awiri tinabwerera njira yomweyo chifukwa tinali titasochera. Kamtsikanako kanali pomwe paja, chitini kalibe, kakukoka mkono wa mzungu wina wachikulire n'kuloza kasitolo komwe kaja. Pashelefu chitini chinali chitabwerera pamalo pake. Ndinachizindikira chifukwa chinali chophwanyika pang'ono pakona.

Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyowo ndinayenda nawo. Ndikunena zimenezi chifukwa ndi umene unachititsa zimene zinatsatira. Pambuyo pake ndinamva kuti njira ya mkakayi ndi yodziwika m'malo ambiri odzaza alendo ku Asia: chitini chimabwezedwa, wa sitolo amatenga gawo lake, gawo lina limapita kwa wamkulu amene amayang'anira anawo, ndipo mwana mwini amatsala ndi kochepa. Lero ndikaganizira, amene ndinayenera kumukwiyira ndi bambo wa kasitolo uja, wa mpando wake ndi juzi lake lofunda. Kamtsikanako njala yake inali yeniyeni, kuzizira kwa mapazi ake kunali kwenikweni, bodza linali pa mkaka pokha. Koma panthawiyo ndinangoona kuti andipusitsa, ndipo ndinalumbira mumtima kuti tsiku limenelo palibenso wina andidyere ngakhale rupi imodzi.

Wotsatira amene ndinakumana naye anali mkulu wa rickshaw.

Tinkafuna kupita ku Khari Baoli, msika wa zokometsera zakudya, kumapeto kwa msewu kuseri kwa mzikiti wa Fatehpuri. Miyendo inali itatopa, majumbo akulemera. Mkuluyo anali wa ndevu zaimvi, wowonda, atakulunga kansalu kumutu ndi m'makutu, kumapazi atavala mapatapata. Anati marupi 100 tonse awiri. Ine ndinati 30. Anaseka pang'ono n'kunena kuti 80. Ndinachita zimene anandiphunzitsa zija: ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda. Ananditsatira akukankha njinga yake, akuitana, "Madam, madam." Tinagwirizana 50. Ndinakwera ndili ndi kamtima kachipambano, n'kumuyang'ana mng'ono wanga ngati ndikuti waona mmene timachitira? Iye anayang'ana kumbali.

Mukakhala pampando wa rickshaw chimene mumaona ndi msana wa munthu. Poyamba kuyenda amaimirira pa mapedulo ndi thupi lake lonse kuti mateyala agudubuke, ndipo njingayo ilibe magiya. Ife awiri si anthu ang'onoang'ono, kuphatikiza majumbo. Khamu likamutsekera ankaima, ndiye n'kuyambiranso kuimirira kuja. Pamalo ena anatsika n'kumakoka ndi manja. M'kuzizira konse kuja, thukuta linatulukira pamsana pa malaya ake. Ndinaliona. Sindinganene kuti sindinalione.

Tisanafike, anakhotera m'kanjira kena n'kuima pakhomo pa sitolo ya mawindo a magalasi owala. Anati tingoona, mphindi zisanu zokha. Ndinadziwa kuti si kumene tinapangana, koma mnyamata wovala bwino anali atatsegula kale chitseko, mkati mukutuluka kamphepo kofunda ndi fungo la lubani. Anatikhazika pamipando yawofuwofu, n'kutipatsa tiyi m'timakapu tokongola. Anatiyalira mipango imene ankati ndi ya pashmina, ubweya wa mbuzi za kumapiri ozizira a Ladakh. Ankalankhula Chingerezi chosalala, akundiyamikira kuti ndili ndi diso lodziwa zinthu. Pakhoma panali chikwangwani chonena kuti mitengo ndi yosasintha. Mpango umene ndinaukonda anati marupi 4,500. Ndinapereka khadi. Sindinanenerere ngakhale pang'ono, chifukwa ndinachita manyazi kuoneka wosauka pamalo aulemu ngati amenewo, nditamwa kale tiyi wawo.

Khari Baoli mumayamba kuimva m'mphuno musanaione. Msika umenewu ndi wa m'zaka za m'ma 1600 ndipo umatchuka kuti ndi waukulu kuposa misika yonse yopikulitsa zokometsera zakudya ku Asia. Kutsogolo kuli masitolo a milu ya chikasu, sinamoni, jinja wouma, mphesa zouma ndi mtedza wamitundumitundu, koma mukalowa m'bwalo la Gadodia, mmene mwadzaza matumba a tsabola wouma, aliyense amayetsemula ndi kutsokomola, ngakhale eni ake. Tengani kansalu kotseka pamphuno. Ndipo mukafuna saffron, chokometsera cha timaulusi tofiira tochokera m'duwa, samalani: weniweni ndi wodula kwambiri, ndipo mukaika kaulusi kake m'madzi ofunda amatulutsa mtundu wachikasu pang'onopang'ono, kaulusiko n'kukhalabe kofiira. Amene amafiiritsa madzi nthawi yomweyo ndi wopaka utoto. Wogulitsa woona sakana kuti muyese.

Chimene sindinachiyembekezere kumeneko ndi amtengatenga. Msewu wonse ndi ngolo zamatabwa zazitali zodzaza matumba, mwamuna mmodzi akukoka kutsogolo, awiri akukankha kumbuyo. Ena amasenza thumba pamutu kapena pamsana kukwera nalo masitepe opapatiza, maso ali ofiira ndi fumbi la tsabola. Amene alibe katundu amagona pangolo zawo zomwezo, atadzikulunga m'bulangete, pakati pa phokoso. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule mmodzi amene anagona mokongola, kunena kwake, kuwala kukumugwera bwino. Mnzake amene anakhala pambali anandiyang'ana m'maso osanena kanthu. Foni ndinaibweza m'thumba. Munthu amene wagona panja alibe chitseko choti atseke, ndiye chitsekocho uyenera kukhala iwe wodutsawe. Ngati mukufunadi chithunzi, funsani, ndipo wogona musiyeni.

Koma ndadumpha. Potsika pa rickshaw paja ndinapereka marupi 50 enieni, osawonjezera. Mkuluyo anayang'ana ndalamayo, anaigunditsa pachipumi monga amachitira ambiri kumeneko polandira ndalama, n'kuiika m'thumba la malaya. Sanadandaule. Anatembenuza njinga n'kulowa m'khamu.

Tili pakati pa matumba a tsabola, mng'ono wanga, amene anali chete kuyambira pa nkhani ya mkaka ija, anati, "Achemwali, ndifunse?"

"Funsa."

"Uja wa sitolo ya magalasi mwamupatsa 4,500 osatsegula pakamwa. Wa mkaka 450 osatsegula pakamwa. Ndiye mphamvu zanu zonse zonenerera mwakathera pa agogo aja, pa 50?"

Ndinamuuza kuti ndi mmene amachitira kuno, kuti ukapanda kunenerera amakuona wopusa. Anati, "Ndamva," n'kupitiriza kusankha sinamoni. Mng'ono wanga akati ndamva ndiye kuti sanamve. Ndinaima pamenepo n'kuwerengera. Marupi 50 anali osakwana ngakhale dola imodzi, mtengo wa makapu atatu kapena anayi a tiyi wa m'mbali mwa msewu. Pa mpango umodzi uja mkuluyo akanayenera kupalasa maulendo 90 ngati athuwa. Anthu atatu anandipempha ndalama m'mawa umenewo, ndipo amene ndinalimbana naye ndi yekhayo amene anandigwirira ntchito ndi thupi lake.

Njala itatipeza tinabwerera chapansi mumsewu waukulu mpaka pa Gurdwara Sis Ganj Sahib, kachisi wa Asikh wa madenga agolide. Anamangidwa pamalo pamene Guru Tegh Bahadur, mphunzitsi wachisanu ndi chinayi wa chipembedzochi, anadulidwa mutu mu 1675 molamulidwa ndi mfumu Aurangzeb. Aliyense amaloledwa kulowa, wa chipembedzo chilichonse. Nsapato mumasiya pawindo n'kulandira kachitsulo ka nambala, mumapondamo m'madzi osaya pakhomo kutsuka mapazi, ndipo kumutu mumafunda, amuna ndi akazi omwe. Amene alibe mpango amamubwereka kansalu. Fodya ndi mowa sizilowa. Ine ndinafunda mpango wanga watsopano wa 4,500 uja.

Kumeneko kuli chimene amachitcha langar, khitchini yodyetsa anthu ulere tsiku lililonse, mwambo umene unayamba ndi Guru Nanak, woyambitsa chipembedzochi. Anthu amakhala pansi m'mizere italiitali pamikeka, mbale yachitsulo patsogolo, ndipo odzipereka amadutsa ndi zidebe za dal, ndiwo ya mphodza, ndi madengu a roti, buledi wopyapyala. Roti simutola nokha, mumatambasula manja onse awiri pamodzi, iwo n'kukuponyerani m'manjamo. Ndiye kuti aliyense m'chipindamo, wolemera ndi wosauka, amakhala atatambasula manja ngati wopempha. Kumanja kwanga kunali bambo wa suti ndi wotchi yodula, kumanzere mnyamata wa mapazi ong'ambikang'ambika amene mwachionekere anagona panja usiku wathawo. Palibe anafunsa mnzake kuti ndiwe yani. Wodzipereka wina, mayi wachikulire, ataona kuti ndatambasula dzanja limodzi, anandigwira dzanja linalo n'kuliika pansi pa linzake, akumwetulira.

Ndinadya ndikuyang'ana m'mizeremo ngati ndingaone ndevu zaimvi ndi kansalu kakumutu kaja. Analipo ambiri ofanana naye. Iye panalibe. Potuluka tinaponya ndalama m'bokosi la zopereka, ndipo mng'ono wanga anakhala theka la ola kukhitchini akuthandiza amayi kupama roti, zake zikutuluka zamakona, iwo akumuseka. Ngati tsiku lina mudzafika ku Delhi mtima n'kumakuwawani ndi zimene mukuona, koma osadziwa kuti ndalama yanu muiike pati kuti isanduke chakudya m'mimba mwa munthu, bokosi limenelo ndi malo amodzi amene mumaona ndi maso anu kumene ikupita.

Tinachoka mumsika kutada. Masitolo akamatseka, msewu umasintha eni. M'makhonde mmene masana munali malonda, anthu anali kuyala makatoni ndi mabulangete. Ena anazungulira kamoto ka zinyalala. A rickshaw ambiri anali ataimika njinga zawo m'mbali n'kugona pompo, thupi pampando, miyendo pa handulo, njira imene imatetezanso njingayo kwa akuba. Boma la Delhi lili ndi malo ogona usiku a anthu osowa pokhala, amene amawatcha rain basera, ndipo nyengo yozizira amawonjezera matenti, koma anthu amene tinawaona panja usiku umenewo anali ochuluka. Kalembera wa mu 2011 anapeza anthu pafupifupi 1.77 miliyoni opanda nyumba m'dziko lonse la India, ndi opemphapempha oposa 400,000. Ndipo mpaka mu 2018, kupempha mumzinda wa Delhi unali mlandu, pansi pa lamulo la mu 1959 limene linayambira ku Bombay. Munthu ankatha kugwidwa n'kutsekeredwa chifukwa chotambasula dzanja. Khoti lalikulu la Delhi ndi limene linathetsa zimenezo, ponena kuti munthu sapempha mwa kufuna kwake, ndipo boma limene lalephera kumupatsa zofunika pamoyo silingamulangenso chifukwa cha njala yake.

Kumalo kumene tinkagona, ku Paharganj pafupi ndi siteshoni ya sitima ya New Delhi, ndinafotokozera bambo wa pa kauntala za tsiku lathu. Anamvetsera akugwedeza mutu mwa chimwenye muja, kumene sudziwa ngati akuvomera kapena akukana. Anandiuza kuti opalasa rickshaw ambiri si a mumzindawo, amachokera kumidzi ya ku Bihar ndi Uttar Pradesh, mabanja anawasiya kwawo ndipo amawatumizira ndalama. Njinga zambiri si zawo, amabwereka kwa mwini wake ndipo amalipira tsiku ndi tsiku, apeze makasitomala asapeze. Choncho maulendo oyamba a tsiku amagwirira mwini njinga. Za sitolo ya magalasi ija anaseka. Anati masitolo oterowo amapereka kangachepe kwa aliyense wobweretsa mlendo, kaya wa rickshaw, wa takisi kapena dobadoba wapansi, ndipo kangachepeko amakaphatikiza pamtengo umene mlendoyo amalipira. Anawonjezera kuti mlendo akatsitsa mtengo wa ulendo kufika posapindulitsa, wopalasa amavomera akudziwa kuti akabwezera kusitolo.

Ndiye kuti mwina mkulu uja anapeza zoposa 50 imene ndinamumana. Mng'ono wanga anati zimenezo zinditonthoze. Sizinanditonthoze kwenikweni, chifukwa ine pomumana sindinkadziwa za kangachepeko. Komanso zinatanthauza kuti kuchenjera kwanga kwa pa 50 ndi kumene kunanditsegulira chitseko cha 4,500. Mukakwera rickshaw kapena takisi, mugwirizane mtengo musanakwere, munene momveka kuti ndi wa anthu onse osati mmodzimmodzi, ndipo munenenso kuti simukufuna kuima pasitolo iliyonse. Mawu akuti "nahi chahiye", kutanthauza kuti sindikufuna, amagwira ntchito kuposa Chingerezi chambiri. Koma mtengowo ukhale woti munthu angadyepo.

M'mawa mwake tinapita kukayenda ndi bungwe la Salaam Baalak Trust, limene linayamba mu 1988 ndipo limasamalira ana a m'misewu ku Delhi. Ali ndi ulendo wapansi wa maola ngati awiri m'tinjira ta Paharganj, ndipo operekeza alendo ndi achinyamata amene iwo eni anakhalapo m'misewu. Mumalembetseratu, ndipo ndalama imene mumapereka imapita ku ntchito za bungwelo. Amene anatiperekeza ife anathawa kwawo ali wamng'ono n'kufika pa siteshoni ya sitima, kumene ankatola mabotolo apulasitiki m'mabogi n'kumagulitsa. Ndinamufunsa za kamtsikana ka mkaka kaja, kuti ndikanachita chiyani. Yankho lake silinali lokoma kumva. Anati ndalama yopatsa mwana m'manja kawirikawiri siigona m'thumba mwake: amalandidwa ndi akuluakulu, kapena amaithera tsiku lomwelo, nthawi zina pa guluu wonunkhiza amene amapha njala ndi kuzizira, chifukwa mwana wogona panja alibe posunga ndalama. Ndipo mwana amene akubweretsa ndalama zambiri kuchokera kwa alendo ndi amene sangatumizidwe kusukulu. Anati ngati mtima sukulola kungodutsa, gulani chakudya chophikaphika, nthochi kapena kapu ya tiyi, choti adye pomwepo, osati chinthu chotsekedwa chimene chingabwezedwe kusitolo. Mukaona mwana wovulala, wodwala kapena amene akuzunzidwa, ku India kuli nambala yaulere ya ana, 1098, ndipo mukhoza kupempha wa kumalo ogona kapena wa sitolo kuti akuimbireni.

Sindikunena kuti musamapatse munthu aliyense ndalama. Gogo wakhungu wokhala pamasitepe a mzikiti waukulu wa Jama Masjid si mwana wotumidwa, ndipo marupi 10 kapena 20 amene anthu a komweko amaponya m'mbale yake ndi amene amamudyetsa. Ndinaona kuti Amwenye eni ake amapereka kwambiri, makamaka pakhomo pa akachisi ndi mizikiti, mwakachetechete, ndi dzanja lamanja, osaima. Vuto la ife alendo n'loti timafika osakonzeka, ndiye timapereka chifukwa cha kudzidzimuka, kenako tikapusitsidwa kamodzi timauma mtima kwa onse. Masiku otsalawo ndinkapatula m'mawa ndalama zing'onozing'ono m'thumba lakelake, zoti zikatha zatha, ndipo ndinkapereka pochoka pamalo, osati pofika, chifukwa ukapereka pofika ana khumi amakuzungulira mpaka sungayende. Amene sindinathe kumupatsa ndinkamuyang'anabe kumaso pokana. Poyamba ndinkayang'ana kumwamba ngati palibe munthu, ndipo ndinazindikira kuti kuteroko kunkandiipitsa mtima ine ndemwe.

Za mpango uja, wa pa kauntala anapempha kuti auone. Anasolola kaulusi kamodzi kumphonje n'kukayatsa ndi machesi. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa. Wanga unayaka msanga n'kununkha ngati pepala. Anandibwezera mwaulemu n'kunena kuti mtundu wake ndi wokongola.

Tsiku lomaliza tinabwereranso ku Chandni Chowk kukatenga malesi ena amene mng'ono wanga anawaganizira usiku wonse. Ndinayang'ana pamalo pamene tinakwerera paja, ndinayenda mpaka ku Fatehpuri n'kubwerera, ndili ndi 100 m'manja. A ndevu zaimvi ndi kansalu kumutu analipo mwina makumi atatu, ndipo ndinazindikira ndi manyazi kuti nkhope yake sindikuikumbuka. Ndinkakumbuka msana wokha.

Pobwerera ku siteshoni tinaimitsa wina, mnyamata wa mano ofiira ndi paan, masamba amene amatafuna kumeneko. Mtunda wake unali waufupi kuposa wa tsiku lija. Anatiyang'ana, anayang'ana majumbo athu, n'kunena kuti 100. Mng'ono wanga anandinong'oneza kuti, "Achemwali, apa pokha ndiye akutibera."

"Mwina," ndinatero. "Kwera."